Mabaji a ku China ndi a ku Pakistan: laser ndi singano

China ndi Pakistan anagawana malire, ndipo mayiko onsewa amatumiza kunja mabaji osokerera pa yunifolomu, pa zipewa ndi pa majekete, koma kapangidwe kawo nkosiyana kwambiri.

Ku China ntchitoyi yatsamira pa makina. Mzinda wa Wuhan umadziwika ndi mafakitale opanga makina a laser, odula zinthu ndi kuwala kwamphamvu, ndipo amene amadula nsalu kawirikawiri ndi a mtundu wogwiritsa ntchito mpweya wa CO2. Mmisiri amasanjikiza nsalu ziwiri kapena zitatu za mitundu yosiyana, kenako amatchera mphamvu ndi liwiro la kuwalako kuti kudule nsalu yapamwamba yokha, osakhudza yapansi, kotero kuti akamatula zotsala, zilembo ndi zithunzi zimaoneka ngati zopetedwa. Chimene ndimagoma nacho ndi m'mphepete mwake. Kutentha kumasungunula ulusi wa poliyesitala n'kuumata pomwepo, motero baji siisosoka ngakhale ikhale ndi nsonga zambiri ngati nyenyezi, pamene mpendero wochindikala wa ulusi wosokedwa ndi makina otchedwa Merrow umayenda bwino pa baji yozungulira kapena yooneka ngati chishango basi. Thonje ndiye silimvana ndi laser kwenikweni, chifukwa silisungunuka koma limawauka n'kusiya mzere wofiirira, ndipo chikopa chopanga chokhala ndi pulasitiki wa PVC sichiyenera kulowa m'makinawa chifukwa utsi wake ndi wapoizoni.

Ku Sialkot, mzinda wa ku Pakistan umene anthu ambiri amaudziwa chifukwa cha mipira ndi zida zochitira opaleshoni, makina opetera aliko, koma mbiri yake pa mabaji yagona pa manja. Wopeta amatenga waya wopyapyala wopotedwa ngati sipuling'i, wa mtundu wa golide kapena siliva, n'kumudula tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse amakatunga ndi singano ngati mkanda asanakasokerere pa nsalu yokhuthala yokungidwa pa felemu. Pansi pa chithunzi cha chisoti chachifumu kapena cha tsamba amayamba waikapo zokhuthalitsa kuti chithunzicho chitukuke. Luso lomweli lilinso kutsidya kwa malire a kum'mawa, ku Malerkotla m'dziko la India.

Kunena mosapsatira, baji ya nsalu zosanjikiza singafike pa ulemerero wa baji ya waya, pakuti laser imadula koma siumba, ndipo chooneka ngati chopetedwa chimakhalabe chafulati mukachikhudza ndi chala. Komabe waya uja amathimbirira pakapita nthawi ndipo safuna kuchapidwa m'makina, n'chifukwa chake amayenera jekete ya pa mwambo imene imavalidwa mwa apo ndi apo. Timu ya mpira yofuna mabaji 500 ofanana ndendende, amene azichapidwa sabata iliyonse, ingachite bwino kutsata njira ya ku China, bola ionetsetse kuti nsaluzo zasokedwanso ndi ulusi, chifukwa guluu womata ndi kutentha amayamba kumatuka m'makona akachapidwa kambirimbiri.