CHENJEZO: Dziwe la eni si dzala lanu, inu oyenda mafoni ali m'manja

Ana anga, adzukulu, ndi nonse amene mwayi wakugwerani mwayamba kukwera ndege kukaona maiko, takhalani pansi kaye ndikulankhuleni. Ndakhala ndikungoyang'ana osanena kanthu koma zomwe ndikuona masiku ano pa Facebook ndi timavidiyo ta pa TikTok zandikwana. Munthu wamkulu ndithu wandevu zake, wakwera pakhoma la dziwe lakale pakati pa mzinda wa eni, mwendo umodzi uli m'mwamba, dzanja lina likuwazira nsomba zinyenyeswa, chikwangwani choletsa chili pomwepo kumbuyo kwake chikuonekanso mu chithunzimo. Eti kufuna malayiki. Kodi manyazi mudawasiya pa eyapoti?

Ndikuuzeni zomwe ndidaona ndi maso angawa, mwina mumva.

Ku Kathmandu, likulu la dziko la Nepal, kuli dziwe lotchedwa Rani Pokhari, kutanthauza dziwe la mfumukazi. Lili pakatikati penipeni pa mzinda, magalimoto ndi njinga zamoto zikulira mbali zonse, uku kuli nsanja ya wotchi ya Ghanta Ghar ndi koleji ya Tri-Chandra, uku kuli sukulu yakale ya Durbar High School, ndiye pakati pa phokoso lonselo madzi angoti phee, pafupifupi mamita 180 m'litali ndi 140 m'lifupi, kachisi ali pakati pa madzi, kanjira kanjerwa kakupita komweko. Dziwelo silinadzikumbe lokha ayi. Adalikumbitsa ndi mfumu Pratap Malla mu 1670, ndipo chifukwa chake ndi maliro. Mwana wawo wamwamuna adamwalira, amati adapondedwa ndi njovu, mayi ake misozi osaleka, ndiye mfumu pofuna kutonthoza mkazi wake idakumbitsa dziwe ndi kutuma anthu kukatunga madzi m'malo opatulika a ku Nepal ndi ku India, monga Gosaikunda, Muktinath, Badrinath ndi Kedarnath, n'kudzathira momwemo. Mwamva? Madzi omwe inu mumati ndi bakigiraundi ya selefi yanuwo ndi chipepeso cha mayi wofedwa.

Malowa ndi otchingidwa ndi mpanda, kachisi wa pakatiyo satsegulidwa chisawawa. Tsiku lodziwika lomwe amatsegula ndi la Bhai Tika, tsiku lomaliza la chikondwerero chawo cha Tihar, pomwe alongo amapaka abale awo aamuna chizindikiro pachipumi n'kuwadalitsa. Nanga amene alibe mlongo, alibe mchimwene, kapena adali naye koma adatsogola? Amenewo ndi omwe amabwera ku Rani Pokhari tsiku limenelo. Ndiye tangoganizani mzere wa anthu umene umakhala pakanjira kaja ndi wa anthu otani.

Ife tidafika tsiku lomwelo, tidali kagulu ka alendo ochokera maiko osiyanasiyana, ndipo pakati pathu padali mnyamata wina, dzina sinditchula, wophunzira bwino ndithu, Chingerezi chake chotuluka m'mphuno. Anthu ali pamzere mwakachetechete, maluwa ali m'manja, iye uyo wasolola kandodo kake ka selefi, akudutsa mzere chammbuyo uku akulankhula ndi foni mokweza, wapondaponda agogo ena, osapepesa, kenako wakhala pakhoma watsegula paketi ya mabisiketi akuponya m'madzi kuti nsomba zibwere aziwombole vidiyo. Potembenuka chigongono chagunda botolo lake lapulasitiki, thibu m'madzi. Iye kuseka. Ati aaa ndi kabotolo chabe.

Padali mayi wina wachikulire pamzerepo, tsitsi lonse la imvi, atanyamula kambale ka maluwa. Sadanene kanthu mayiyo. Adangoyang'ana botolo lija likuyandama, n'kumuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kubwezanso maso pa botolo. Ine amene sindidaponye kanthu ndidalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe, chifukwa tidatsika basi imodzi, ndipo kwa mayi uja tonse tidali amodzi. Ndi chimene simuchidziwa inu. Ukachita zopusa kwa eni sunyozetsa dzina lako lokha, anthu sakudziwa n'komwe dzina lako, amangoti alendo aja.

Ndipo mnyamatayo akadafunsa akadauzidwa kuti dziwe limene ankaliseweretsalo anthu adalimenyera nkhondo posachedwapa. Chivomerezi cha pa 25 Epulo 2015, chomwe chidapha anthu pafupifupi 9,000 m'dzikomo, chidawononganso kachisi uja. Ntchito yokonza itayamba mu 2016, madzi adaphwetsedwa ndipo omanga adayamba kuika konkire, zamakono eti, koma eni mzinda ndi akatswiri a zinthu zakale adakana kwamtuwagalu, kuchita zionetsero mpaka konkireyo idagumulidwa n'kuyambiranso ndi njerwa ndi dongo lakuda pansi pake monga adachitira makolo awo. Zaka zingapo pamalopo padali chigwembe chouma chomera udzu, mpaka Okutobala 2020 pomwe adalitsegulanso. Anthu avutika zaka zonsezo kuti madzi abwerere, inu mwafika ndi ulendo wa mphindi makumi awiri mwasiyamo botolo. Safunsa adadya phula.

Tsopano za buledi ndi mabisiketizi ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe ngakhale anthu amtima wabwino amalakwa, amati ndikuchitira chifundo abakha ndi nsomba. Mvetsani kusiyana kwa mtsinje ndi dziwe. Mtsinje umayenda, chomwe waponyamo chimapita kutsogolo, osati kuti ndi bwino koma chimachoka. Dziwe la mumzinda ndi mbale, chalowa chalowa. Buledi amene sanadyedwe amamira n'kukawola pansi, abakha ochuluka kuposa mlingo chifukwa cha chakudya chaulerecho amachitira chimbudzi momwemo, zonsezo zimasanduka manyowa, ndiye ndere zimabereka mpaka madzi onse obiriwira ngati utoto. Ndere zija usiku zimagwiritsa ntchito mpweya wa m'madzi, zikafa tizilombo towoletsa timamalizanso mpweya wotsalawo, ndiye kukatentha m'mawa mwake mumapeza nsomba zayandama mimba zili m'mwamba, fungo lili guu. Inu nthawi imeneyo muli mu ndege mukusankha chithunzi choti muposite. Otsala ndi fungolo ndi eni mzinda. Ndipo musati ine ndangoponya kachidutswa kamodzi, mukuganiza kuti tsiku limenelo mlendo mudali nokha? Zotsala pamtunda zimaitana makoswe, abakha nawo buledi amangowadzaza mimba popanda zofunika zokwanira zomanga thupi.

Ku Reykjavik, likulu la Iceland, kuli dziwe lakale lotchedwa Tjörnin, nyumba ya khonsolo ya mzinda idamangidwa m'mphepete mwake penipeni. Anthu adaliponyera buledi mpaka ena ankaliseka kuti ndi supu wa buledi wamkulu kuposa onse padziko lapansi. Akuluakulu a mzindawo amachita kupempha anthu kuti nyengo yotentha, pomwe abakha aswa, asamaponye buledi, chifukwa amaitana mbalame zolusa za kunyanja zija amati ma gull, ndipo zikabwera sizithera pa buledi, zimatola ndi anapiye omwe. Ndiye mwana wanu akuwomba m'manja kuti adadi taonani ndadyetsa bakha, osadziwa kuti waitanira anapiye imfa. Olakwa si mwanayo, ndi inu amene mudadutsa chikwangwani osawerenga.

Za ku Hanoi ku Vietnam zimandimvetsa chisoni kwambiri. Pakati pa mzindawo pali dziwe lotchedwa Hoan Kiem, kumene nthano yawo imati mfumu Le Loi itagonjetsa adani zaka za m'ma 1400 idabweza lupanga kwa fulu wa m'madzi. Ndipo m'madzimo mudalidi fulu wamkulu, wolemera makilogalamu oposa 150, wa mtundu womwe padziko lonse udatsala owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Anthu ankamulemekeza ngati gogo wa mzinda wonse, akatulutsa mutu msewu umadzaza. Koma madziwo adaipa ndi zinyalala, mu 2011 adachita kumuvuula kuti amuchize zilonda, ndipo mu Januwale 2016 adapezeka atafa. Lero mukapita mukamuona ali m'galasi mu kachisi wa Ngoc Son, wouma, osaphethira. Adali wokalamba inde, koma zaka zake zomaliza adazithera m'madzi omwe anthu adawasandutsa dzala, aliyense akuti ndi kapepala chabe, ndi kandudu chabe.

Chabwino, mwina nsomba ndi afulu mulibe nazo ntchito. Nanga moyo wanu?

Maiwe akalewa ambiri makoma ake ndi oima chilili ngati chitsime, masitepe ake amiyala adatereredwa ndi mapazi a anthu kwa zaka mazana ndipo pomwe pafika madzi pamakhala ndere zoterera kuposa sopo. Inu mukubwerera chammbuyo maso ali pa foni kuti kachisi alowe yense mu chithunzi, phazi limodzi laphonya, basi. Madzi ndi obiriwira pansi sipaoneka, simukudziwa ngati ndi ofika m'chiuno kapena opitirira mutu, pansipo pali matope okhuthala omwe amagwira mwendo osausiya, muli magalasi osweka ndi zitsulo zomwe anzanu osamva adaponyamo kale. Ngakhale wodziwa kusambira, utavala jinzi ndi jekete ndi chikwama kumsana, khoma lopanda pogwira ukwera bwanji? Ndipo foni ikagwera m'madzi isiyeni, ndabwereza, isiyeni, itanani alonda. Foni imagulidwa. Kutumiza maliro kuchokera kunja ndi chinthu chomwe sindifunira banja lililonse, mapepala ake okha amatha masabata abale akungodikira.

Amene mukupita kumaiko ozizira, mudzaona dziwe laundana pamwamba pali mbee, eni dziko akuyendapo, nanunso mtima dyokodyoko. Eni akewo amadziwa nthawi yomwe ayezi wakhwima, inu mwamuona koyamba dzulo. Ndipo ngakhale eni akewo adalirapo. Ku London, pa 15 Januwale 1867, ayezi wa panyanja ya mu Regent's Park adasweka anthu ali pamwamba akusewera, pafupifupi 200 adagwera m'madzi, 40 adafa, pakati pa mzinda masanasana anthu akuonerera. Pambuyo pake adachita kukwirira pansi pa nyanjayo kuti isakhalenso yakuya. Madzi ozizira choncho amakubanikitsa mpweya nthawi yomweyo, manja amauma m'mphindi zochepa chabe.

Sindikuti musapite ayi, pitani, kaoneni, jambulani zithunzi mudzatisonyeze ife okalamba. Koma mukafika imani kaye, foni ikhale m'thumba, muone eni ake akuchita bwanji. Akavula nsapato vulani. Akatsitsa mawu tsitsani. Chikwangwani ngati chalembedwa m'chilankhulo chomwe simuchidziwa, foni yomweyo ili ndi zomasulira, kapena funsani mlonda, pakamwa mulipira ndalama zingati? Munthu akupemphera kapena akulira musamuloze kamera kumaso ngati nyama ya kumalo osungirako zinyama. Mpanda ukakhala wotseka ndiye kuti ndi wotseka, osati mudumphe chifukwa mwachokera kutali, aliyense pamenepo wachokera kwinakwake. Makobidi oponya m'madzi kuti mupeze mwayi, ngati eni malo sanakuuzeni kuti zimatero, sungani m'thumba, chitsulo chimangochita dzimbiri pansipo wina n'kudzavutika kuchivuula. Botolo, kapepala ka switi, chotsalira cha ndudu, nyamulani mpaka mupeze bini. Ana agwireni dzanja, osati mayi ali pa foni bambo ali pa foni mwana akusuzumira m'madzi yekha. Ndipo inu olemba maina anu pamiyala ndi kiyi, akuti uje amakonda uje, mwala udasemedwa agogo a agogo anu asanabadwe, chibwenzi chanucho sichifika ndi Khirisimasi yomwe.

Botolo la mnyamata uja tidachoka likadayandama chapafupi ndi kachisi, bambo wina wogwira ntchito pamalopo atagwada pakhoma akulikoka ndi ndodo yaitali, likumuthawa, iye akulitsatira, mzere wa anthu ukumupatsa njira. Mwini botolo adali kale mu basi akuwerenga makomenti. Ndidamulankhula madzulo ake, adangoti sorry madala, maso ali pa foni.

Ena mwa inu mukunyamuka mwezi wamawa, ndikukudziwani, makolo anu ndimawadziwanso. Zithunzi zanuzo ndiziona, ndipo ndikadzakuonani mutakwera pakhoma la dziwe la eni sindidzakulemberani ku inibokosi ayi, ndidzakufunsani pa komenti pomwepo anzanu onse akuwerenga.