Ku Lusaka anamutchera khutu mwana wosadziwika, ku Blantyre tinamuzimitsira maiki

Nkhaniyi ndakhala nayo pakhosi kuyambira pa Khirisimasi ndipo yakana kumezeka. Mwana wa achemwali anga amayimba. Amakhala ku Chilobwe, masana amaluka tsitsi mu saluni, madzulo amakhala pakhonde ndi gitala yomwe nsambo zake zinachita dzimbiri kalekale. Nyimbo amapeka yekha. Mwezi wathawu anamuitana kuti akatsegulire shoo ina yaikulu mumzinda muno, mlendo wamkulu ali woyimba wochokera ku Zambia. Malo ake sinditchula, pulomota wakenso sindimutchula, chifukwa zomwe anachitazo akuchita ndi ambiri.

Anamuuza kuti akwera pasiteji cha m'ma 8 koloko usiku. Anamukweza 4 koloko, dzuwa lili phwee, anyamata akadayala mipando, wachiwaya akadakoleza moto. Tonse amene tinalipo tikanakwana m'minibasi imodzi. Ng'oma ndi makiyibodi zinali zovindikiridwa ndi nsalu yakuda, ati ndi za alendo, asakhudze munthu. Mwanayo anapereka fulashi kwa DJ, n'kuyimba nyimbo yoyamba. Yachiwiri ili pakati, pamene mawu ake amakwera bwino paja, maiki inangoti zii. Ati alendo afika, akufuna ayese zida. Anaima pamenepo milomo ikuyendabe, kenaka anawerama pang'ono kuthokoza mipando yopanda anthu n'kutsika. MC potsanzika anaphonya ndi dzina lake lomwe. Ndalama sanamupatse, ngakhale ya kabaza. Ati amupatsa mwayi woti anthu amuone.

Ine magazi anawira, ndinafuna kukafunsa. Iye anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ankolo, zisiyeni, ndi mmene zimakhalira." Mawu amenewo ndi amene andipweteka kuposa maiki ija. Mwana wazolowera kunyozedwa asanayambe n'komwe.

Mwina sindikanapsa mtima chonchi pakanapanda zomwe ndinaona ku Lusaka masabata atatu m'mbuyo mwake. Ndinapita ku ukwati wa mnzanga. Njira mukuidziwa, Lilongwe, Mchinji, kudinditsa pa Mwami, Chipata, kenaka mtunda wosatha uja wodutsa pa mlatho wa Luangwa. Nditatsika pa Intercity ndinakwera minibasi, ndipo munkalira nyimbo yomwe sindinaimvepo. Ndinafunsa kondakitala kuti akuyimbayo ndani. Anandiuza dzina, anandiuza komboni yomwe mnyamatayo amakhala, anandiuza ndi amene anamupangira biti. "Ni mufana wa mu Chawama uyu, mudala, muzamumvela chabe chaka chamawa." Ankanena monyadira ngati ndi mng'ono wake. Tayesani kufunsa funso lomweli m'minibasi ya Limbe kupita ku Bangwe. Kondakitala akuuzani za amapiano a ku Joni mpaka dzina la DJ, koma mwana wa pa Namiyango pomwepo samudziwa.

Usiku wotsatira anzanga ananditengera pa kamalo kena ku Kabwata, kakang'ono, matebulo osapitirira khumi. Panabwera mtsikana wa msinkhu womwewu wa mwana wa achemwali anga, ali ndi gitala, mnzake ali pa kiyibodi. Palibe amene ankamudziwa kupatula tebulo limodzi la anzake. Atangoyamba, anthu anasiya nkhani. Bambo wina yemwe anali atakhuta Mosi anapitiriza kukweza mawu, mayi wa tebulo loyandikana anangomutembenukira, bambo uja n'kukhala chete. Mtsikanayo anayimba nyimbo zisanu ndi imodzi, zonse zake, ina anailakwitsa n'kuyambiranso ndipo anamuombera m'manja chifukwa choyambiranso. Pomaliza mwini malo anawerenga nambala ya foni ya mtsikanayo kawiri, pang'onopang'ono. Ndinaona ndi maso angawa anthu akutulutsa mafoni kumutumizira kangachepe, foni yake ikungolira pamwamba pa sipika. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza za khonde la ku Chilobwe.

Anzathuwa khalidwe limeneli sanalitole dzulo. M'zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoseweredwa pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko. Anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka anapeza pothawira, mabandi anaphuka ngati bowa, ku Ndola kunali fakitale yodindira marekodi, ndipo mpamene panabadwira Zamrock ija ikugulidwa ndi azungu mpaka lero. Bandi ya WITCH ya Jagari Chanda inatulutsanso chimbale chatsopano mu 2023, patatha zaka pafupifupi makumi anayi. Sampa the Great anatchukira ku Australia, koma anabwerera kwawo kukajambula chimbale chake cha 2022 ndi oyimba akwawo, n'kuyenda nawo m'masiteji akuluakulu a dziko lapansi. Bungwe la ku Zambia loona za luso, National Arts Council, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994, pamene ife tinatha zaka ndi zaka tikungomva kuti bilu yake ikubwera. Ndiye Yo Maps atadzaza National Heroes Stadium mu May 2023 pokhazikitsa chimbale, ena kuno ankati ndi mwayi. Si mwayi. Anthu amene anadzaza bwalo lija ndi omwe aja amakhala chete pa kamalo ka matebulo khumi. Ndipo pasapezeke wonena kuti iwo ndi ochuluka. Kalembera wawo wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, wathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Tikusiyana pang'ono pokha.

Ife matenda athu ndi odikira kuti wakunja ayambe wavomereza. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ife tafika poti popanda mlendo sitimeta n'komwe. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankayimba m'misewu ya Blantyre yomweyi, ndipo anachita kuwapeza ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, mu 1967 kuti dziko lidziwe kuti kuno kuli gitala yotero. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, tonse tikudutsa pa basi, mpaka Ian Brennan wa ku America anaima n'kuwajambula. Yemweyo ndi amene anajambula akaidi a ku ndende ya Zomba, chimbale chomwe chinafika pa mndandanda wa Grammy mu 2016. Madalitso Band, anyamata awiri ndi babatoni wopanga okha, anayenda m'misewu ya Lilongwe zaka zambirimbiri anthu akuwaponyera makobidi. Anakaonekera ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kampani ya ku Geneva n'kuyamba kuwatulutsira zimbale, ndipo mpamene tinayamba kunena kuti ndi athu. Keturah chimbale chake cha 2023 anakajambulira ku California. Agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu konkuno, anayimba moyo wawo wonse ali m'umphawi. Patience Namadingo anachita bwino kukhala nawo pansi n'kuyimba nawo mu 2020, koma ambiri a ife tinadzidzimuka pamene ana a ku Asia ndi ku Ulaya anayamba kuvina nyimbo yawo pa TikTok, iwo atadutsa kale zaka 90. Kodi mwana wa ku Chilobwe adikirenso mpaka imvi?

Pano ndivomereze zina, chifukwa chilungamo chimafunika. Ndinakhala ku Lusaka masiku anayi okha, ndipo anzanga akumeneko nawonso amadandaula kuti mapulomota awo amathira ndalama pa oyimba a ku Nigeria ndi ku Joni. Kulinso kukokana kwa a ku Lusaka ndi a ku Kopala (Copperbelt) komwe kumatsekera ana ena zitseko. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankawazimira pafupifupi tsiku lonse, masitudiyo awo anavutika kuposa athu. Nyimbo zawo zambiri za pa wailesi zimafanana, ukamva zitatu wamva zonse. Pa kapekedwe ka mawu, ndikunenetsa, sangatiguduze. Mwana wa ku Malawi akakhala pansi kulemba za chikondi kapena za maliro amakulasa pamtima ndi Chichewa chozama, mwambi uli pamalo pake. A ku Zambia eniake amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake Namadingo, Driemo ndi Onesimus amalandiridwa kumeneko ngati kwawo. M'minibasi ina ya ku Matero ndinamva Driemo katatu ulendo umodzi. Koma apanso mpamene pakundiwawa. Iwo ali ndi khutu lomvera awo ndi athu omwe. Ife tili ndi khutu lomvera awo, ndi athu okhawo amene iwo awavomereza.

Tinali naye munthu amene ankachita zomwe ndikulirazi. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, ankakoka ana n'kuwaika kutsogolo. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Wendy Harawa ndi ena ambiri anadutsa m'manja mwake. Ku Tanzania Diamond Platnumz anachita chimodzimodzi kudzera m'kampani yake ya nyimbo ya Wasafi, ndipo Harmonize, Rayvanny ndi Zuchu anatulukira pamenepo. Za ku Mozambique ndingoti kuwoloka pa Zobue kufika ku Tete mumamva nyimbo zawo m'bala iliyonse, Chipwitikizi chokha n'chimene chimatitsekereza. Ku Joni amapiano anayambira m'makomboni, akufalikira pa WhatsApp ndi m'mateksi, wailesi inachita kutsatira pambuyo.

Vuto lina la Blantyre ndi malo. Tili ndi Robin's Park, tili ndi Comesa Hall, tili ndi Kamuzu Stadium, koma amenewa ndi malo a munthu wotchuka kale. Mwana wa nyimbo zisanu sangachite lendi holo. French Cultural Centre ija, imene pano timati Blantyre Cultural Centre, ndi kumene ambiri anaphunzirira kuima pamaso pa anthu, ndipo itaphwasulidwa mu 2011 inakhala zaka zambiri ili bwinja. Amene ndingawathokoze ndi a Jacaranda Cultural Centre, omwe akhala akupereka siteji kwa oyimba a gitala ndi mawu okha pa Sounds of Malawi. Kumeneko anthu amakhala pansi n'kumvetsera, monga ndinaonera ku Kabwata. Koma mzinda wonsewu, kuchokera ku Chirimba mpaka ku Chigumula, sungadalire khomo limodzi. Lake of Stars ndi Sand Music Festival ndi zonyaditsa, Tumaini ya ku Dzaleka kuyambira 2014 yaonetsa kuti siteji yabwino itheka ngakhale mu kampu ya othawa kwawo, koma zonsezi zimabwera kamodzi pa chaka ndipo zili kutali ndi mwana wa ku Ndirande.

Mukandifunsa kuti chaka chatsopanochi timvere ndani, sindiyamba ndi Eli Njuchi, Temwah, Emmie Deebo, Zeze Kingston, kapena Kineo ndi Aidfest. Amenewo mukuwadziwa, ndipo akuyenera ulemu wawo. Ndikunena za amene ali kumbuyo kwawo. Ku Machinjiri kuli situdiyo ina m'boyizikota, makoma ake anamata matileyi a mazira, maiki anaikulunga sokosi. Ndinakaperekeza mwana wa achemwali anga kumeneko ndipo ndinapeza mnyamata akusakaniza ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe uja UNESCO inamuzindikira mu 2014, ndi kiyibodi yofewa ngati ya kutchalitchi. Magetsi atazima anapitiriza kuomba ng'omayo pa chigubu kuti asaiwale kamvekedwe kake. Thupi langa linachita tsembwe. Kuli atsikana a m'makwaya a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa amene Lamulungu amatsogolera nyimbo, mkati mwa sabata akulemba zawo m'kope la sukulu. Kuli ophunzira a ku MUBAS amene akujambula nyimbo pa laputopu m'chipinda chogona, Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi m'vesi imodzi, manganje ali pansi. Nyimbo zawo zili pa Audiomack, pa YouTube, zina pa Spotify yomwe inafika kuno mu 2021, ndipo zambiri zimangozungulira pa WhatsApp. Bandulo yomwe timathera pa mavidiyo a anthu okangana ingakwane kumvera ana khumi otere.

Ndipo inu ana oyimba, kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, lomwe lilipo kuyambira 1992. Pulomota akakuitanani, mufunseni nthawi yokwera pasiteji ndi ndalama yake musanavomere, akulembereni ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Inu a mawailesi, ola limodzi pa tsiku la mayina osadziwika silingagwetse wailesi. Ife ogula matikiti ndiye olakwa kwambiri, timafika 10 koloko usiku titayamba tazungulira m'mabala, kenaka n'kumadandaula kuti ku Malawi kulibe oyimba atsopano. Analipo 4 koloko, ankayimbira mipando.

Woyimba wa ku Zambia uja, kunena zoona, anayimba bwino usiku umenewo. Sindimuda. Pakati pa shoo anaima n'kuitana mnyamata wina amene anabwera naye kuchokera kwawo, wosadziwika ngakhale pang'ono, n'kumupatsa maiki kuti ayimbe nyimbo yake yonse ndi bandi yonse, pamaso pa chikhamu cha anthu a ku Blantyre. Tinakuwa, tinavina, ena anamufupa. Mwana wa achemwali anga anali ataima pambali panga gitala ili kumsana, akuyang'ana osaphethira.

Sabata yatha ndinamugulira nsambo zatsopano ku Limbe. Dzulo wandiimbira foni kufunsa kuti basi ya ku Lusaka imanyamuka nthawi yanji, ndiponso ngati anzanga aja angamuonetse kamalo ka ku Kabwata kaja. Ndamulonjeza theka la ndalama ya basi.