Musiyeni mayiyo aimbe

Dzulo ndinapsa mtima ndipo mpaka pano sunazizire, ndiye mundipirire ndilankhule.

Tinali pamzere wa mafuta kuyambira cha m'ma 5 koloko m'mawa. Amene munagonapo pafilingi mukudziwa mmene kumakhalira. Magalimoto mizere iwiri, a kabaza ataunjikana kutsogolo ngati njuchi, a zigubu akuzungulira chakumbuyo n'kumanong'onezana, ndipo aliyense akufunsa mnzake funso lomwe palibe angayankhe, loti kodi lole yanyamuka. Pofika 10 koloko dzuwa linali litatiwamba mokwanira, anthu pakamwa pauma, nkhani zatha. Ndiye kunatulukira mayi wina, ndowa ya chimanga chophika pamutu, mwana kumsana, masilipasi ake limodzi lomanga ndi waya. Anatula pansi pa mtengo wa mango, anavundukula pulasitiki, nthunzi n'kuti fuu. Posanja chimanga chija anayamba kuimba kolasi, chapansipansi, ngati mmene munthu amaimbira akamatsuka mbale. Anyamata awiri a kabaza anayamba kuvomera, wina n'kumaomba thanki ya njinga yake ngati ng'oma, thanki yopanda kanthu ija imalira bwino. Kamwana kumsana kuja kanayamba kuomba m'manja mosemphanitsa. Ine ndemwe ndinangozindikira ndikugwedeza mutu pachiwongolero.

Kenako bambo wina wa galimoto yaikulu ya magalasi akuda anatsitsa windo. Anati, "Inu amayi, mukuimba chiyani? Chosangalatsa n'chiyani pano? N'chifukwa chake dziko lino silikutukuka, mumangoseka zilizonse ngati zitsiru." Atatero anakweza windo lake.

Mayi uja anangoti zii. Anakonza chitenje, n'kuyamba kusanjanso chimanga chomwe chinali chosanja kale. Anyamata aja anayang'ana kumbali. Sanaimbenso mpaka ndinachoka.

Ine sindinayankhe, ndipo chimenecho ndiye chikundidya. Ndinangokhala m'galimoto ngati chitsa. Ndiye zomwe ndinalephera kunena dzulo ndinene pano, mwina bwanawo ali pa Facebook, mwina wina amene akuwadziwa awafikitsira.

Bwana, musiyeni mayiyo aimbe. Nyimbo yake yakulandani chiyani? Kodi kolasi ija ndi imene yamaliza ndalama zakunja? Kodi ndi mayi wa chimanga amene anagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Zoti mafuta akusowa chifukwa cha madola tonse timazidziwa, ngakhale ana a sukulu amazidziwa, simunatiuze zachilendo. Inu mwapsa mtima ndi anthu omwe simungawafikire, ndiye mwapeza wotsika pafupi woti mumuthire mkwiyo wanu. Mwana wa nkhuku ndi amene amapondedwa nthawi zonse. Manyazi bwanji.

Mukuganiza kuti mayi uja sakudziwa kuti zinthu zavuta? Amadziwa kuposa inu ndi ine. Inu mumamva za kukwera kwa mitengo pawailesi muli m'galimoto yozizira. Iye amakumana nako kumaso m'bandakucha, pogula chimanga chachiwisi, pogula makala ophikira, pogula mchere ndi timapepala tokulungira. Wadzuka tambala asanalire, wakoleza mbaula, wasenza ndowa yotentha pamutu mtunda wonse uja. Akapanda kugulitsa lero, usiku ana agona ndi chimanga chomwecho. Munthu woteroyo akapeza mphamvu yotulutsa nyimbo pakhosi pake, inu mukuti ndi chitsiru? Ine ndikuti pamzere wonse uja wanzeru anali iyeyo. Tonsefe tinali titagonja, iye yekha ndi amene anakana kuti tsikulo limumeze.

Ndatopa nawo mtima uwu woti munthu wochita tsinya ndiye woganiza kwambiri. Tsinya si nzeru. Tsinya si umboni woti umakonda dziko lako. Pali anthu amene kuyambira m'mawa mpaka madzulo nkhope ili gwaa ngati amwa madzi a nimu, ndipo amafuna aliyense womuzungulira amwe nawo. Ukaseka akuti sukudziwa zomwe zikuchitika. Ukavina paukwati akuti ndalama zopelekera pelekanipelekani mwazitenga kuti. Ukanena kuti lero ndadzuka bwino, akuyamba kukuwerengera zifukwa zoti sunayenere kudzuka bwino. Anthu otere amayenda ndi chidebe cha madzi kufunafuna pamene payaka kamoto.

Akuti tidikire zinthu zikhale bwino kaye ndiye tidzaseke. Chabwino, liti? Ine chibadwire sindinaonepo chaka chomwe Amalawi anati basi tsopano zonse zili m'malo. Mu 2002 kunali njala, anthu akudya madeya ndi mizu ya nthochi. Mu 2011 ndi 2012 tinali pamizere ya mafuta ngati yomweyi, ena mwaiwala kale. Mu 2015 madzi osefukira anakokolola ku Nsanje ndi Chikwawa. Mu 2020 kunabwera Covid, tikuopana kupatsana moni wapamanja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno. Tikanati tizidikira chaka chopanda misozi, bwenzi palibe mwana wa m'dziko lino amene anamvapo kuseka kwa mayi ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Kachimwemwe kamene kakupeza lero pansi pa mtengo wa mango ndiye kako, kamawa sukudziwa ngati udzakapeza. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Agogo anga aakazi anaiona njala ya 1949 ali kamtsikana, ndipo anaika m'manda ana atatu mwa asanu ndi atatu omwe anabereka. Koma sindinaonepo munthu woseka ngati iwowo, ankaseka mpaka kugwira nthiti, misozi mbwembwembwe. Ndimawakumbukira pamtondo ndi azakhali anga, misi iwiri ikulandizana, wina akakweza wina akutsitsa, gaga akuuluka n'kumawamatirira m'tsitsi. Ndipo nyimbo za pamtondo zija, amene munazimva mukudziwa, sizinali zotamanda moyo ayi. Zinali zodandaula. Ankaimba za mwamuna womwera ndalama za fodya, za apongozi amwano, za mnansi wobwereka chipande osabweza. Madandaulo okhaokha, koma akuimba, akuseka, ndipo mphale ikuyera. Sanasankhe pakati pa kudandaula ndi kusangalala, anaziponya zonse mumtondo umodzi n'kuzisinjira pamodzi. Ndiye wina lero azindiuza kuti woimba ndi wosazindikira mavuto? Amayi athu akhala akuimba mavuto awo kuyambira kale bwanawo asanabadwe.

Ndipo mayi yemwe uja, tsiku la chisankho mudzamupeza pamzere m'mamawa, mwana kumsana, chala chake n'kudetsedwa ndi inki ngati chanu. Kuimba sikumulepheretsa kukwiya pamene pafunika kukwiya. Amangokana kugona nawo mkwiyowo pamphasa imodzi usiku uliwonse.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti kumbuyo kwa galimoto ya bwana ija kunali kachomata ka vesi. Ndinakaona ndi maso angawa. Ndiye tiyeni tikambe za m'Baibulo momwemo. Paulo ndi Sila ku Filipi anawakwapula, anawaponya m'chipinda cham'kati cha ndende, miyendo m'matangadza, ndipo pakati pa usiku anayamba kuimba, akaidi anzawo akumvetsera. Zili pa Machitidwe 16. Bwana uja akanakhala m'ndende imeneyo bwenzi atawakalipira kuti chosangalatsa n'chiyani muno. Kalata ya kwa Afilipi, yomwe imabwereza mawu oti kondwerani mpaka kutopetsa, Paulo anailemba ali womangidwa. Habakuku naye kumapeto kwa buku lake akuwerenga zonse zomwe zakanika, mkuyu sunaphuke, mpesa ulibe zipatso, m'munda mulibe chakudya, m'khola mulibe ng'ombe, ndiye n'kunena kuti komabe adzakondwera mwa Mulungu wake. Ameneyo ndi mlimi amene mvula yamuthawa, si munthu wokhuta. Mavesi amenewa timawaloweza, timawamata pamagalimoto, koma tikakumana nawo atasenza ndowa ya chimanga timawatcha zitsiru.

Kukula muuzimu ena amakuyesa kukwera phiri kukasala kudya masiku atatu, kapena kupemphera mokuwa mpaka anansi osagona. Sindikunyoza, kwerani ndithu. Koma mukatsika phirilo n'kufika pamzere wa mafuta, chimene chimatuluka mkamwa mwanu dzuwa likakuwambani maola asanu ndicho msinkhu wanu weniweni. Lamulungu aliyense amaoneka woyera, zovala zositasita, Baibulo m'khwapa. Mayeso amabwera Lachiwiri cha m'ma 10 koloko, thanki ili pa E. Pamenepo mayi wa masilipasi a waya anakhoza, bwana wa vesi analephera, ndipo ine wongokhala chete ndinalephera naye limodzi.

Ndili ndi mnansi wa ku Mangochi, Msilamu, amagulitsa usipa ndi utaka pamsika. Chaka chatha akuba anamuthyolera n'kutenga matumba awiri a nsomba, mpamba wake wonse. M'mawa mwake ndinapita kukamupepesa ndili ndi mawu ambirimbiri okonzeratu. Ndinamupeza akusesa pakhomo. Nditamufunsa kuti achimwene mwadzuka bwanji, anati Alhamdulillah, ana sanawakhudze. Anali wokhumudwa, maso ofiira, usiku wonse sanagone. Koma anayamba wawerenga chomwe chatsala asanawerenge chomwe chapita. Zimenezi munthu sabadwa nazo, amachita kuziphunzira tsiku ndi tsiku ngati mmene mwana amaphunzirira kusenza ndowa, poyamba madzi amatayikira m'khosi, kenako amayenda osagwira n'komwe. Ine ndikuphunzirabe ndipo madzi akunditayikirabe kwambiri.

Wina abwera m'makomenti kudzandiuza za lipoti lija la chimwemwe cha mayiko, loti mu 2025 Malawi anali pa nambala 144 mwa mayiko 147, Finland ali pamwamba. Ndinaliona, musavutike. Ndiye poti tili kumunsi, tizimitsenso timakala tomwe tatsala? Nyumba ikakhala yozizira suthira madzi pambaula.

Musandimve molakwika, sindikunena kuti tizimwetulira pamaliro kapena kuuza wodwala kuti angoseka achira. Anthu amene amauza namfedwa kuti musalire, Mkhristu salira, nawonso amandinyansa chimodzimodzi, tsiku lina ndidzawalembera zawo. Kulira kuli ndi nthawi yake. Koma kuimba nakonso kuli ndi nthawi yake, ndipo amene amasankha nthawiyo ndi mwini khosi, osati munthu wongotsitsa windo. Chimwemwe cha munthu wosauka sichifuna chilolezo cha wolemera. Sichifuna siginecha ya aliyense. Mwamulanda zambiri kale, mtengo wa sopo wamulanda, mtengo wa feteleza wamulanda, minibasi yamulanda, ndiye mukufunanso kanyimbo komwe sanagule kwa aliyense? Musiyeni aimbe. Ngati simukufuna kumva, magalasi anu aja amatseka bwinobwino, tinaona tonse.

Ndisananyamuke ndinatsika kukagula chimanga chiwiri. Ndinafuna kumuuza kuti mayi, pitirizani kuimba, koma mawu anandikanika, ndinangoti chimanga chanu n'chokoma. Anati zikomo achimwene, osandiyang'ana kumaso, akufunafuna chenje pamfundo ya chitenje. Lole sinabwere. Cha m'ma 4 koloko anatiuza kuti tiyesere mawa, ndipo tonse tinabalalika, bwana uja naye anakhota ndi thanki yake youma ngati ifeyo. Tsinya lake lonse lija silinamugulire ngakhale lita imodzi.

Ndipo poti ndayamba kale, inunso a m'magulu a WhatsApp mundimve. M'mawa uliwonse 5 koloko foni yanga imadzaza ndi zithunzi za maluwa, nkhunda zoyera, makapu a tiyi ofuka nthunzi, mawu oti tsiku lanu lidzale ndi chimwemwe, tumizani kwa anthu khumi mudalitsike. Bandulo yanga ikuthera maluwa. Koma munthu yemweyo wotumiza nkhunda tikakumana pampopi sayankha moni. Mtsikana wantchito kunyumba kwake sanamvepo mawu oti zikomo, amadya yekha kukhitchini ataimirira. Pali wina pagulu lathu la kumpingo amatumiza mavesi atatu tsiku lililonse, koma ndalama zomwe anandikongola chaka chatha sanabweze, akaiona nambala yanga foni imakhala ili kutchaja. Ndisiyireni maluwawo, mundibwezere kaye ndalama zanga.