Musatseke mpweya chifukwa chofuna chinyezi m'khola la njoka

Anzanga oweta njoka, pali uphungu wina umene wafala pakati pathu ndipo ukundidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akangodandaula kuti njoka yake yafundula mwazidutswazidutswa, mayankho amakhala amodzimodzi: tsekani zibowo zonse, phimbani pamwamba ponse, muzipopera madzi m'mawa ndi madzulo. Akatero, nambala ya pa kachipangizo koyezera chinyezi imakweradi, mwiniwake mtima n'kukhala pansi. Koma njokayo tsopano ikugona ponyowa ndipo ikupuma mpweya womwewomwewo usana ndi usiku. Ine ndikuona kuti chinyezi chopezeka m'njira imeneyi chimavulaza njoka kuposa kuuma kumene tikuthawako.

Tiyambe ndi chimene chimaumitsa khola, chifukwa ambiri amalimbana ndi zibowo pamene gwero la vuto lili pena. Nambala imene timawerenga pa hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi kaja, monga 60 peresenti, imatiuza kuti mpweya wanyamula gawo lanji la madzi amene ungathe kunyamula pa kutentha kumene uli nako. Mpweya wofunda umatha kunyamula madzi ambiri. Pa madigiri 20, mpweya wodzaza malo a mita imodzi mbali zonse umakhuta ndi madzi okwana magalamu pafupifupi 17, pamene pa madigiri 30 umafuna magalamu pafupifupi 30. Ndiye mpweya wa m'chipinda wa madigiri 20, wokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti, ukalowa m'khola n'kutenthedwa ndi nyale mpaka madigiri 30, chinyezi chake chimatsika kufika cha m'ma 35 peresenti ngakhale palibe dontho limene latayika. Mpweya wofundawo umakweranso m'mwamba, ndipo ngati chivundikiro chonse ndi cha waya wa sefa, umatuluka ndi kachinyezi kochepa kamene unatola. Mankhwala ake ndi kukhala ndi malo m'kholamo amene amatulutsa chinyezi pang'onopang'ono tsiku lonse, mpweya ukuyendabe.

Taonani mmene ball python imakhalira kwawo. Kansato kameneka, kamene anthu amaweta kwambiri padziko lonse, kamachokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'maiko monga Ghana, Togo ndi Benin. Masana kamabisala m'mauna a makoswe ndi m'zulu zachiswe. M'menemo mpweya ndi wachinyezi, koma pamene kagonapo si pamatope ayi, ndipo usiku kamatuluka kukapitidwa mphepo. Kamasankha kokha pokhala. M'khola lotsekedwa ponseponse ndi lonyowa ponseponse, ufulu wosankhawu tawulanda, ndipo njoka ilibe mawu oti ingatidandaulire nawo.

Thupi lake ndi limene limadzatiuza, nthawi zambiri mochedwa. Njoka ikamagona nthawi yaitali pa zoyala zonyowa, makamaka zosakanikirana ndi ndowe zake, mamba a kumimba amayamba kufiira kapena kuderako, kenako pamatuluka matuza, matuzawo n'kusanduka zilonda. Achingerezi amati scale rot. Mabakiteriya amaswana msanga pamalo ofunda, onyowa ndi opanda mphepo, ndipo akalowa m'magazi njoka ikhoza kufa. Vuto lachiwiri ndi la m'mapapo, ndipo ili ndi limene limandiopsa kwambiri. Njoka ilibe mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene ife tili nawo, choncho siitha kutsokomola kuti ichotse makhololo. Mitundu yambiri imapumira phapo limodzi lokha, la kumanja. Nsato ndi ma boa, njoka zofanana ndi nsato, ali nawo awiri, koma lakumanzere ndi laling'ono. Mukamva kaphokoso ngati kamluzu ikamapuma, mukaona thovu pakamwa kapena m'mphuno, kapena ikumakhala itayasama mutu uli m'mwamba, musazengereze, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto wodziwa za nyama zokwawa. Sindikunena kuti matenda onse a m'mapapo amabwera chifukwa cha mpweya wosayenda. Kuzizira kumawayambitsanso, kuuma kopitirira nakonso, ndipo pali mavairasi monga nidovirus, amene akatswiri anawapeza mwa ball python mu 2014. Koma mpweya wosayenda ndi chinthu chimene chili m'manja mwathu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timachipanga tokha dala.

Khola lotsekedwa lili ngati bafa limene munthu wasambamo madzi otentha n'kusiya zenera ndi chitseko zili chitsekere: makoma amatuluka thukuta, nkhungu imamera m'makona, ndipo kafungo kake mumakamva mukangotsegula. Zizindikiro zake n'zomwezo m'khola la njoka. Madontho akamakhala pagalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo osauma, ngati mitengo yokwerapo yayamba kuyera ndi nkhungu, ngati mukatsegula mukulandiridwa ndi fungo la chuku, mpweya sukuyenda, ngakhale kachipangizo kanene nambala yokongola bwanji.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoyamba ndi zoyala pansi. Zikhale zosunga madzi, monga makoko a kokonati odulidwa kapena makungwa a cypress, ndipo zikhale zokhuthala, masentimita 8 mpaka 10. Madzi muzithira m'makona kuti atsikire pansi, m'munsi mukhale monyowa koma pamwamba pamene njoka imakwawa pakhale pouma. Chinyezi chimakwera chokha pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Kupopera madzi pamwamba kumachita zosiyana: kumanyowetsa malo enieni amene mimba ya njoka imakhudza, nambala imadumpha kwa kanthawi kochepa, kenako imagwanso. Utuchi wa aspen ndi wabwino kwa njoka zokonda pouma, koma ukanyowa umachita nkhungu msanga. Wa cedar ndi wa paini musauyerekeze n'komwe, mafuta a m'mitengo imeneyi amawononga njira yopumira. Mbale yamadzi yotakata, yolemera kuti isagudubuzike, imathandizanso ikakhala chakufupi ndi mbali yofunda.

Zibowo za mpweya zimafuna kuziganizira malo ake. Zina zikhale m'munsi kumbali yozizira, zina m'mwamba kumbali yofunda. Mpweya wofunda ukamatulukira m'mwamba umakoka wina watsopano kulowera m'munsi, ndiye umadutsa khola lonse mwakachetechete popanda chimphepo chowomba njoka. Amene muli ndi khola lagalasi la chivundikiro cha sefa, kuphimba mbali ina ya sefayo si kulakwa. Phimbani pakati, siyani mipata mbali zonse ziwiri, ndipo chophimbiracho chitalikirane ndi nyale kuopa moto. Chimene ndikutsutsa ine ndi kuphimba ponse.

Chinthu chimene ndimachikonda koposa ndi kabokosi kobisalamo kachinyezi. Tengani kontena yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, yoti njoka ikwanemo mothithikana, boolani khomo losalala m'mbali, ikanimo ndele za sphagnum zonyowetsedwa n'kufinyidwa bwinobwino mpaka zisamadonthe. Njoka imalowamo ikafuna, imatulukamo ikakhutira. Apa ndiye kuti mwaibwezera una wake uja. Ndelezo muziziona pafupipafupi ndi kuzisintha, chifukwa njoka zina zimakonda kuchitiramo chimbudzi. Makina otulutsa nkhungu yamadzi ine sindiwalimbikitsa kwa woyamba kumene. Amanyowetsa chilichonse, ndipo akapanda kutsukidwa kawirikawiri amamwaza mabakiteriya mumpweya umene njoka ikupuma.

Za kachipangizo koyezerako, musakakhulupirire musanakayese. Timawotchi tija tamuvi tomata pagalasi timanama kawirikawiri, ndipo zomatira zake zikamatuka zimakakamira pakhungu la njoka. Gulani ka digito. Kuti mudziwe ngati kakunena zoona, ikani mchere m'kachivundikiro ka botolo, dontheziranimo madzi pang'ono mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa, tsekerani kachivundikiroko pamodzi ndi kachipangizoko m'chikho chosalowa mpweya usiku wonse. Kayenera kuonetsa 75 peresenti. Kakaonetsa 68, dziwani kuti kamaperewera ndi pafupifupi 7. Ndipo kaikeni m'munsi, pamene njoka imakhala. Pafupi ndi nyale kadzakuuzani kuti khola lauma pamene pansi pali bwinobwino, inu n'kumathira madzi osafunika.

Nambala yoyenera imadalira mtundu wa njoka. Ball python imakhala bwino cha m'ma 60 peresenti, ndipo nthawi yofundula chikwere kufika 70 kapena kupitirirako pang'ono, mbali yofunda ili pa madigiri 31 kapena 32. Corn snake, ya kum'mwera chakum'mawa kwa United States, imakhutira ndi 40 mpaka 60. Brazilian rainbow boa imafuna kuyambira 70 kupita m'mwamba, makamaka ikadali yaing'ono, chifukwa imatha madzi m'thupi msanga. Ena amaganiza kuti njoka yotereyi ndiyo yoyenera kutsekeredwa ndithu. Ayi, imeneyi ndiyo yofunika mpweya woyenda kwambiri ndi ukhondo wosalekeza, chifukwa pachinyezi chochuluka chotero nkhungu ndi mabakiteriya sizichedwa. Ndipo sikofunika kuti nambala ikhale chiimire. Kuthengo chinyezi chimakwera usiku n'kutsika masana, choncho kusinthasintha pang'ono kusakutayitseni tulo.

Ndibwerere ku kufundula, poti ndi kumene kumachititsa anthu kutseka zibowo. Njoka ikayandikira kufundula, khungu limazimiririka, maso amachita mbuu ngati mkaka, kenako amayeranso, ndipo pakapita masiku ochepa imavula. Mukangoona maso achita mbuu, nyowetsani ndele za m'kabokosi kaja, onjezerani madzi m'makona, ndipo muisiye, musamaigwiregwire. Ikavula, tambasulani chikopacho muone ngati tizikopa ta m'maso tatuluka nawo, muonenso nsonga ya mchira, chifukwa chikopa chotsalira pamenepo chimauma n'kumanga ngati mphira, magazi osayenda, nsongayo n'kufa. Ngati pali potsalira, ikani njoka m'kontena ya zibowo yokhala ndi thaulo lonyowa ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, izidzikhula yokha. Kachikopa kotsalira m'diso musakakoke ndi zala kapena kopanira, mukhoza kuichititsa khungu. Kakapanda kuchoka ndi chinyezi, imeneyo ndi ntchito ya dokotala.