Lekani kudontheza chilichonse m'maso, abale anga

Ndikuyankhula ndi inu amene mumasunga kabotolo ka mankhwala a m'maso m'kabati, ndiye aliyense wa m'nyumbamo diso likangofiira mumathamangira komweko. Kabotoloko adokotala analembera agogo chaka chatha. Dzina la mankhwala linafufutika kalekale, chitsekerero chinagwerapo pansi, kukamwa kwake kwakhudza zikope za banja lonse, koma inu muli gwa, "donthezani awa, ine anandithandiza." Anakuthandizani inuyo pa vuto lanu. Mwadziwa bwanji kuti la mwanayo ndi lomwelo? Ndipo mankhwala ambiri odontheza m'maso, botolo likatsegulidwa, amayenera kutayidwa pakatha masiku 28, chifukwa tizilombo timalowa n'kumaswana momwemo. Amene mukusungawo angakhale kuti asanduka gwero la matenda.

Diso lofiira lili ndi zoyambitsa zambirimbiri. Pali kufiira kwa mavairasi, kuja kopatsirana kumene kumazungulira nyumba yonse, maso kuyabwa, misozi osaleka, kenako n'kutha kokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Pali kwa mabakiteriya, kumene munthu amadzuka zikope zitamatana ndi manthongo. Pali kwa fumbi ndi mungu, koyabwa kwambiri koma kosapatsirana. Ndiye pali kufiira koopsa: chilonda pa cornea, kachikopa koonekera kaja kamene kali kutsogolo kwa diso, kutupa kwa m'kati mwa diso, ndiponso kukwera mwadzidzidzi kwa presha ya m'diso. Mukayang'ana pagalasi zonsezi zimangofanana, diso lili psuu. Wa zamaso amasiyanitsa chifukwa amakukhazikani pa makina ounikira, chibwano pa kathabwa, n'kudontheza kautoto kachikasu kamene kamawala mobiriwira pomwe pali chilonda akaunika ndi nyali ya buluu. Inu ndi maso anu okha simungaone zimenezo, ngakhale mutakhala ozindikira chotani.

Amene amandiopsa kwambiri ndi mankhwala a masiteroidi. Werengani pabotolo: mukaona dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone, amenewo si odzigulira nokha. Anthu amawakonda chifukwa amayeretsa diso msanga, lero lofiira, mawa lili mbee, kuyabwa kwatha. Ndiye munthu amangopitiriza, mwezi, miyezi itatu, chaka, diso likangoyamba kuyabwa wadontheza. Zimene zikuchitika m'katimo sakuziona. Mwa anthu ena masiteroidi amakweza presha ya m'diso mpaka kuwononga mtsempha woonera. Amafulumizitsanso ng'ala. Choipa koposa, ngati pa cornea pali chilonda cha vairasi ya herpes kapena cha mafangasi, monga chimene chimayamba munthu akalasidwa ndi kamtengo kapena tsamba, masiteroidi amafoola chitetezo cha diso, chilonda n'kumakula ululu utachepa. Pomadzafika kuchipatala diso labowoka. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala omwewa, inde, koma atayamba aona kuti palibe chilonda, ndipo amakuitananinso kudzayeza presha. Inu mukudumpha zonsezo.

Nanga awa amene amathira mkodzo m'maso, mkaka wa m'mawere, utomoni ndi madzi ofinya m'masamba, ndinene chiyani? Wina akakuuzani kuti "zikalasa ndiye kuti zikugwira ntchito," dziwani kuti kulasako ndi diso likupsa. Mkodzo wa munthu wa chinzonono ukalowa m'maso, tizilombo take timatha kudya cornea m'masiku ochepa chabe. N'chimodzimodzi khanda limene latupa zikope ndi kutuluka mafinya m'masiku oyamba litabadwa. Amayi, musaliyese ndi mkaka, musadikire kuti mudzafunse pa tsiku la sikelo. Nyamukani tsiku lomwelo.

Diso lofiira likakhala ndi ululu weniweni, osati kungoyabwa. Mukamalephera kupirira kuwala. Mukaona kuti simukuona bwino ngati kale. Mukaona kadontho koyera pa gawo lakuda la diso. Kapena mutu ukamawawa mbali imodzi, nseru, nyali zikuoneka ndi utawaleza mozungulira, imeneyo si nkhani yogona nayo.

Tsopano inu anyamata owotcherera zitsulo. Ndimakuonani. Chigoba chotetezera nkhope chili pansi chadzaza fumbi, inu mwangopendeka mutu, kutsinzina diso limodzi, kapena mwavala magalasi akuda adzuwa ngati muli paulendo. Wothandizira wanu, amene wagwirizira chitsulo, alibe chilichonse kumaso. Masana zonse zili bwino. Pakatha maola 6 mpaka 12, pakati pa usiku, mumadzuka maso akuwawa ngati mwalowa mchenga, misozi chuchuchu, kutsegula osatheka. Kuwala kwa moto wowotchererawo kwasupula khungu la pamwamba pa cornea. Kawirikawiri limapola pa tsiku limodzi kapena awiri, n'chifukwa chake mumazolowera n'kumaseka nazo. Koma kachitsulo kothetheka kuchokera ku gulayinda kapena posula ndi hamala sikaseka ndi munthu. Kena kamakanirira pa cornea n'kusiya dzimbiri, kena kamaboola n'kukalowa m'kati mwenimweni, bala lake laling'ono losaoneka n'komwe. Ndiye mnzanu akubwera ndi kamtengo ka machesi, kapena kona ya mpango, kapena lilime, kuti akuchotseni. Musalole. Chinthu chikalasa diso, musatikite, musatsindike, musachizule. Phimbani ndi chinthu cholimba chosakhudza diso, monga kapu yapepala yodula, n'kupita kuchipatala.

Mankhwala oopsa akagwera m'maso ndiye lamulo likusintha. Simenti, laimu, asidi wa m'batire, mankhwala oyeretsera zovala kapena otsukira m'chimbudzi: apa musathamangire galimoto kaye. Yambani ndi madzi oyera, tsegulani zikope ndi zala, madzi aziyenderera m'diso kwa mphindi zosachepera 20, kenako muzipita. Simenti ndi laimu n'zoopsa kuposa mmene omanga ambiri amaganizira, chifukwa zimapitiriza kudya diso mozama ngakhale ululu utayamba kuchepa.

Zonsezi zimapweteka, ndiye munthu amadziwa kuti pali vuto. Koma glaucoma, matenda oononga mtsempha woonera, mtundu wake wofala supweteka ngakhale pang'ono. M'diso mumapangidwa madzi nthawi zonse, ndipo amatuluka kudzera m'timipata tating'onoting'ono. Timipatato tikamakana, presha imakwera, n'kumafinya mtsempha waukulu umene umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Presha yabwino mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (muyezo wa presha), ngakhale ena amadwala glaucoma presha ili momwemo, n'chifukwa chake dokotala amaunikanso mtsemphawo. Kuona kumayamba kutha m'mbali. Pakati mukuona bwinobwino, mukuwerenga, mukuzindikira nkhope, ndipo diso lina limakwirira zimene linzake laphonya. Munthu amangodabwa kuti akugunda mafelemu a zitseko, njinga ikumudutsa osaiona kumene yachokera. Pamene wazindikira, gawo lalikulu la mtsempha lafa kale, ndipo mtsempha umenewo ukafa sudzukanso. Palibe opaleshoni kapena magalasi amene angabweze. Chimene mankhwala, laser ndi opaleshoni zimachita n'kuteteza zimene zatsala.

Ndiye mukapitirira zaka 40, makamaka ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu wa bere limodzi anapezeka ndi glaucoma, kayezetseni ngakhale mukuona ngati kabawi. Matendawa amayenda m'magazi, ndipo mwa anthu akuda amabwera kawirikawiri, msanga, ndiponso mwaukali. Inu amene anakupezani nawo kale n'kukupatsani mankhwala, ndimve bwino: botolo likatha si kuti mwachira. Ambiri amasiya ati "sindikuona kusintha." Simudzaona kusintha, ntchito ya mankhwalawo ndi yoti zinthu zisasinthe. Amenewo ndi a moyo wonse, pokhapokha dokotala atanena zina.

A shuga, nanunso muli m'gulu lomweli. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, timitsempha ta magazi ta pa retina, kansalu kakumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, timayamba kudontha ndi kutsekeka, kenako kumamera tina tofooka timene timaphulika. Poyamba simumva kanthu. Muziyezetsa kumbuyo kwa diso kamodzi pa chaka, kuja amakudonthezani mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kukuuzani kuti musayendetse galimoto kwa maola angapo. Kuthamanga kwa magazi ndi fodya zimangowonjezera moto.

Za ng'ala zimandimvetsa chisoni mwa mtundu wina, chifukwa apa munthu amakhala mumdima thandizo lilipo. Ng'ala ndi kuchita mtambo kwa kagalasi ka m'kati mwa diso, kamene kali kuseri kwa mwana wa diso. Si kanthu komera pamwamba koti mungakapale kapena kukasungunula ndi mankhwala odontheza, ndipo aliyense wokugulitsani mankhwala otsuka ng'ala akukuberani. Dokotala amachotsa kagalasi kakale n'kuikapo kapulasitiki. Njira yoika kagalasi kopangaka inayambika ndi Harold Ridley ku London mu 1949, ndipo lero ndi imodzi mwa maopaleshoni ochitika kwambiri padziko lonse. Kawirikawiri sipitirira theka la ola, munthu ali maso, diso lokha atalichititsa dzanzi. Koma mumva ana akuluakulu akuletsa kholo lawo, ati "akakuchotsani diso," ati "mwakalamba kale, n'zaukalamba izi." Palibe amene amatulutsa diso n'kuliika pambale, zimenezo n'zongopeka. Mukusiya munthu amene akanatha kudziyendera yekha akhale wogwiridwa dzanja kupita kuchimbudzi, ndipo mdzukulu akujomba kusukulu kuti azimulondolera. Safunsa anadya phula. Pitani mukafunse kwa amene amagwira ntchitoyo.

Bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa amenewa osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Zimene zili patsogolo ndi ng'ala ndi kusowa magalasi oyenera. Magalasi chabe.

Pa magalasipa ndiimepo pang'ono chifukwa cha ana. Mwana akamatsinzinira kuti aone pabolodi, akamakopera kwa mnzake m'malo moyang'ana kutsogolo, akamayandikitsa buku kumphuno, musathamangire kumutcha waulesi kapena mbuli. Mwina akuona pafupi pokha. Kamuyezetseni, awerenge zilembo zija zimene zimayamba zazikulu n'kumachepa, tchati imene Herman Snellen anakonza mu 1862. Akakuuzani kuti 6/6 ndiye kuti akuona bwino pa mtunda wa mamita 6. Akamulembera magalasi, avale. Bodza lija lakuti magalasi amaononga maso kapena kuwalowetsa m'kati lalepheretsa ana ambiri sukulu. Mwana wamng'ono amene diso limodzi limayang'ana kumbali, musati adzakula nazo zidzatha. Ubongo umasiya kugwiritsa ntchito diso limenelo, ndipo akapitirira zaka 7 kapena 8 kulidzutsa kumavuta kwambiri. Ndipo mukadzaona mwana wa diso wa khanda kapena kamwana akuoneka woyera, kaya pamaso kaya pa chithunzi chojambulidwa ndi fulashi, musachedwe ngakhale sabata. Ingakhale ng'ala yobadwa nayo, ingakhalenso khansa yotchedwa retinoblastoma, imene imachizika ikapezeka msanga koma imapha ikachedwa.

Akuluakulu amene mwayamba kutalikitsa foni kuti muwerenge uthenga, zimenezo n'zachibadwa zaka zikadutsa 40, kagalasi ka m'diso kamauma n'kuleka kupindika. Magalasi owerengera amathandiza. Cholakwika n'kungotola aliwonse, kuona kuti zilembo zakula, n'kuganiza kuti maso mwathana nawo, chonsecho presha simunayezetsepo chibadwire. Atsikana a ma contact lens, timagalasi tija tomata padiso penipeni, ena mumangovalira kusintha mtundu wa maso: musagone nawo, musawatsuke ndi madzi apampopi kapena malovu, musabwerekane. M'madzi muli kachilombo kotchedwa Acanthamoeba kamene kakalowa pa cornea kamavuta kwambiri kuchiza.

Oyendetsa galimoto amene usiku nyali za anzanu zimakuthobwani mpaka msewu osauonanso, koma mukupitirizabe kunyamula anthu, mukudikira chiyani? Mwina ndi ng'ala ikuyamba, ndipo imachizika ndi opaleshoni.

Chinthu china chimene anthu amachinyozera ndi kuona kung'anima ngati mphezi m'mbali mwa diso, timadontho takuda tambirimbiri tikuyandama mwadzidzidzi, kenako mthunzi ukutseka mbali imodzi. Sizipweteka, diso silifiira, ndiye munthu amati ndatopa, ndigone kaye. Imeneyo ingakhale retina ikung'ambika kapena kumatuka, ndipo ikafika pakati kuona kwake sikubwereranso monga kale. N'chimodzimodzi diso likangozima mwadzidzidzi, ngakhale libwerere pakapita mphindi zochepa, chifukwa nthawi zina ndi chenjezo la sitiroko.

Mukamaliza kuwerenga apa, phimbani diso lamanja ndi chikhatho, osatsindika, muyang'ane chinthu chakutali ndi zilembo zapafupi. Kenako phimbani lamanzere. Muchitenso chimodzimodzi ndi ana ndi makolo anu. Alipo ambiri amene diso limodzi linasiya kuona bwino kalekale osadziwa, chifukwa linzake lakhala likugwira ntchito ya awiri. Mukapeza kusiyana, pitani kwa a zamaso sabata yomwe ino, ndipo kabotolo kam'kabati kaja mukatenge mukawaonetse zimene mwakhala mukudontheza.