Mpeni wa kumfuti uja usachoke

Mwezi wa Novembala ndinatenga mwana wa mlongo wanga kupita naye ku chipilala cha ku Area 18, tsiku lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Ndimapitako chaka ndi chaka chifukwa cha agogo anga aamuna, omwe anali mu King's African Rifles ndipo anakafika mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Perete ili mkati, mnyamatayo anandikodola n'kunong'ona: "Amalume, mipeni amaika kumfuti ija ndi yachiyani masiku ano? Anzathu akumenyana ndi ma drone, ndiye munthu azithamangira mnzake ndi mpeni?" Sindinamuyankhe pompo poti lipenga linali likulira. Koma funsolo landikhala pamtima mpaka lero, ndipo ndikudziwa kuti si iye yekha amene amaganiza choncho.

Pena pake mwanayu akunena zoona. Bayoneti, lomwe ndi dzina la mpeni wa kumfutiwu, inabadwa nthawi ya mfuti za gogodela, m'zaka za m'ma 1600, ndipo dzina lake amati linachokera ku tauni ya Bayonne ku France. Mfuti ya nthawi imeneyo ukawombera kamodzi unkayenera kuthiranso onga, kutsendera, kuika chipolopolo, uku mdani wa pahatchi akukuthamangira. Nzeru yake inali yoti mfutiyo isanduke mkondo. Mipeni yoyambirira ankaisomeka m'kamwa mwenimweni mwa mfuti, moti ukasomeka basi kuwombera kwatha, mpaka pamene anapanga yovala m'mbali. Lero AK-47 imanyamula zipolopolo 30 pa magazini imodzi, ndipo kusintha magazini ndi kuphethira kwa diso. Ngakhale pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu ovulala ndi mpeniwu anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ophedwa ndi mabomba a mizinga. Mu 2010 gulu la asilikali apamtunda a ku America linachotsa phunziro lothamangira zidole ndi bayoneti pa maphunziro a ongolowa kumene. Mu 2012 Barack Obama, pa mtsutso wake ndi Mitt Romney, anatchula bayoneti pamodzi ndi mahatchi ngati zinthu zimene asilikali sakuzifunanso zambiri. Mpeniwu umatalikitsanso mfuti, ndipo polowa m'galimoto yankhondo kapena m'chipinda chopanikizika umasautsa.

Zonsezo ndazimva. Komabe ine ndikuti usachoke.

Alenje a kwathu ankapita kutchire ndi mfuti, koma kankhwangwa paphewa ndi mpeni m'chiuno sankasiya. Sikuti ankaikayikira mfuti tsiku lililonse ayi. Ankadziwa kuti tsiku limodzi pa masiku ambirimbiri mfuti imakana, nyama yovulala n'kukutembenukira. Msilikali ali pamalo omwewo. Mfuti imalowa mchenga ndi matope, chipolopolo chimakakamira, magazini imatha pa nthawi yolakwika. Mdani akakhala pa mtunda wa masitepe atatu, drone ilibe chokuchitira.

Ndipo izi si za makedzana. Mu June 1982, pa phiri la Tumbledown ku zilumba za Falkland, asilikali a ku Britain a gulu la Scots Guards anakwera usiku mipeni ili kumfuti n'kulanda malo a asilikali a ku Argentina. Mu Meyi 2004 pafupi ndi Al Amarah ku Iraq, asilikali a ku Britain omwe anatchingiridwa panjira anasomeka mipeni n'kulowa m'maenje momwe munabisala adani. Mu 2011 ku Helmand, Afghanistan, Kopolo Sean Jones wa ku Britain anatsogolera anzake kudutsa pabwalo la mamita 80 zipolopolo zikuwagwera, mipeni patsogolo, ndipo adaniwo anathawa. Anapatsidwa mendulo ya Military Cross. Awa ndi asilikali okhala ndi ndege, ma wailesi, zipangizo zoonera usiku, koma itafika nthawi ija anagwira chida cha zaka 300.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ine: adaniwo anathawa. Ntchito yaikulu ya bayoneti si kubaya. Munthu amatha kukhala m'dzenje tsiku lonse zipolopolo zikudutsa pamwamba, chifukwa chipolopolo sachiona, amangomva kulira kwake. Koma akadzutsa mutu n'kuona anthu akubwera akukuwa, chitsulo chikunyezimira kutsogolo kwa mfuti, mtima umamuuza kuti awa atsimikiza, sabwerera. Ambiri amasiya malo, ena amakweza manja. Agogo sankakonda kukamba za ku Burma, koma tsiku lina tikusenda chimanga ananena kuti lamulo losomeka mipeni likaperekedwa, aliyense ankangoti zii, chifukwa ankadziwa kuti zongowomberana patali zatha. Lamulo limenelo limasintha mtima wa amene wagwira mfuti kaye, kenako wa amene akumuyang'ana. N'chifukwa chake asilikali a ku Britain ndi ma Marines a ku America akuphunzitsabe zimenezi mpaka pano. Mnyamata amene dzulo lomweli anali pasukulu amayenera kuphunzira kupita kutsogolo pamene thupi lonse likumuuza kuti abwerere.

Tikamakamba za nkhondo zamakono timaganiza za zimene timaona pa foni, za Ukraine ndi ma drone ake. Koma ana athu a Malawi Defence Force akhala akutumizidwa kuti? Ku nkhalango za kum'mawa kwa DR Congo, pansi pa United Nations, komwe mitengo imatseka maso ndipo mdani umamuzindikira ali pafupi kale. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kudera la Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019. Nkhondo ya mtundu umenewo ndi yapafupi, ya m'tchire, ya munthu ndi munthu. Sindingavomere kuti mwana amene tikumutumiza kumeneko timulande chida chilichonse chimene chingamubweze kwawo wamoyo, makamaka chida chopepuka, chotsika mtengo, chosafuna batire kapena netiweki.

Iwalaninso zobayanazo kaye. Bayoneti ya masiku ano ndi chida cha ntchito. Ya mfuti ya AKM, ngakhalenso M9 ya ku America, ili ndi bowo pa mpeni lomwe umalikoletsa ku chimake, ziwirizo n'kusanduka chodulira waya waminga. Zina zili ndi mano a sowo kumsana. Msilikali amadulira chingwe, amatsegulira zitini, amasadzira nkhuni, amafukulira pansi. Ukamuchotsera, adzagula mpeni wina mumsika. Ndiye bwanji osamupatsa womwe ungathenso kukwera kumfuti?

Pali malo amodzi okha pomwe sindikufuna kuuona, ndiwo pamsewu, utaloza nzika. Mantha omwe ndatamanda aja ndi a kwa mdani wa zida, osati mayi wogulitsa tomato kapena wophunzira wonyamula chikwangwani. Pa zionetsero za 2019 ndi 2020 muno mu Lilongwe, anthu ankaombera m'manja asilikali chifukwa ankayenda nawo limodzi mpaka ku Capital Hill ngati owateteza. Ulemu umenewo ungathe tsiku limodzi lokha munthu wamba atalozedwa chitsulo pachifuwa. Mkati mwa tauni mpeniwo ukhale m'chimake.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wa mlongo wangayo tili mu minibasi yobwerera ku Area 25. Sanakhutire kwenikweni, akuti ndalama zonse zipite ku ma drone. Ndinamuuza kuti ma drone agulidwe ndithu, ndipo agulidwe ambiri, mpeniwo sukudya bajeti ya wina aliyense. Iye ndiye akufuna kukalemba usilikali chaka chamawa, ndipo akadzamutenga n'kupita naye ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, ndikufuna adzauphunzire mpeniwo bwinobwino.