Vuto lili pa kopa wa m'chingwe

Zikomo alembi chifukwa cha nkhaniyi, koma pamene mwalangiza kuti tigule chingwe cha Cat8 kuti intaneti ya kunyumba ithamange, pamenepo sindikugwirizana nanu. Cat8 anaipangira zipinda zosungira maseva, ndipo liwiro lake la 40 Gbps (Gbps ndi Mbps ndi miyeso ya liwiro la intaneti; 1 Gbps ndi 1,000 Mbps) limangofika mamita 30. Pa mitundu yakale ya zingwezi, Cat5e imakwanitsa kale 1 Gbps mpaka mamita 100, ndipo Cat6 imanyamula 10 Gbps mpaka mamita 55. Ngati mumalipira intaneti ya 50 Mbps, chingwe chodula sichikuwonjezerani kalikonse.

Ine chimene chinandipweteka ndi kopa. Ndinagula mpukutu wotchipa osadziwa kuti ndi CCA, aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba. Patangopita miyezi yochepa, waya umodzi unathyoka pafupi ndi kamutu ka RJ45 ka kunsonga kwa chingwe, kolowetsa pa kompyuta, liwiro n'kutsikira pa 100 Mbps, chifukwa gigabit (liwiro la 1 Gbps) imafuna mawaya onse 8 a m'chingwemo. Ndinakwera kudenga kawiri, ndalama n'kutuluka kawiri.

Musanagule, palani waya umodzi ndi mpeni. Mukaona kuti mkati mwake ndi moyera, chisiyeni. Chodutsa m'khoma kapena kudenga, ine tsopano ndimaika Cat6a ya kopa weniweni.